Maso, zala ndi mapazi: zowonjezera ziti zoyenera ndalama zanu pa tsiku la ski kapena snowboard

Pamalo oimika magalimoto ku Glenshee, malo otsetserekera pachipale kumapiri a ku Scotland, m'mawa wa Loweruka mu Febuluwale, wobwera koyamba sabisika. Jekete yake ndi yatsopano, chikwama kumsana chatupa ngati akukagona sabata, kamera wamangirira pamutu, koma m'manja muli timagolovesi toluka tomwe amavala podikira basi m'tauni. Ikamakwana 11 koloko mumupeza m'kafe, wakumbatira kapu ya tiyi ndi manja onse awiri, tikiti yomwe walipira ya tsiku lonse ili m'thumba osagwira ntchito. Ndimamudziwa bwino munthuyu chifukwa chaka choyamba anali ine.

Ski (timatabwa tiwiri titalititali totsetserekera pachipale), nsapato zake ndi ndodo, kapena snowboard (thabwa limodzi lotakata) ndi nsapato zake, mumachita hayala pamalopo. Jekete ndi thalauza zosalowa madzi ndikuyesa kuti muli nazo kale kapena mwabwereka kwa mnzanu. Zomwe ndikuyerekeza pano ndi zing'onozing'ono zimene palibe amakukakamizani kugula, koma ndi zomwe zimalamula ngati mukhala paphiri mpaka madzulo kapena muthawa dzuwa lisanafike pamutu.

Musanatulutse khadi, dziwani kaye phiri lomwe mukupita, chifukwa kuzizira kuli ndi mitundu. Glenshee ili pamsewu wa A93, pa Cairnwell, pamtunda wa mamita 670, ndipo mudzi woyandikana nawo wa Braemar ndi womwe unafika madigiri 27.2 pansi pa ziro mu 1895 komanso mu 1982. Koma masiku ambiri chomwe chimakuphani ku Scotland si nambala ya madigiri ayi. Ndi mphepo ndi chinyezi. Pamwamba pa phiri la Cairn Gorm anayezapo mphepo ya liwiro la makilomita pafupifupi 278 pa ola mu 1986. Tangoganizani chiperoni cha ku Thyolo, koma timadontho take tikukubayani kumaso ngati mchenga. Ku mapiri a Alps, ku France kapena ku Austria, nthawi zambiri kumakhala kouma ndi kowala. Abale a ku Joni amene amapita ku Afriski ku Lesotho pakati pa Juni ndi Ogasiti amakhala pamtunda wopitirira mamita 3,000, kutanthauza kuti akusewera pamtunda ngati wa nsonga ya Sapitwa, ndipo kumeneko mdani wamkulu ndi dzuwa. Amene mukungoyesera m'nyumba za chipale monga ku Hemel Hempstead, Milton Keynes kapena Tamworth ku England, mphepo kulibe, dzuwa kulibe, magolovesi ndi masokosi abwino zikukwanirani, zina zonsezi muwerenge pokonzekera mtsogolo.

Ndiyambe ndi maso, chifukwa ndi pomwe ambirife timadzinamiza. Tinakulira padzuwa, ndiye timati dzuwa la ku Ulaya lingatitani. Vuto ndi loti chipale chatsopano chimabweza kuwala kowotcha kwa UV mpaka 80 peresenti, ndipo mukamakwera mamita 1,000 alionse mphamvu yake imawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti. Diso limawotchedwa kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, ndipo khungu lakuda silithandiza diso. Amene munakhalapo pafupi ndi owotcherera zitsulo ku Ndirande kapena ku Mchesi mukuadziwa matendawa: masana bwinobwino, usiku maso kutuluka misozi, kuyabwa ngati wina wathiramo mchenga. Ndi matenda omwewo. Amapola pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma ngati ulendo wanu unali wa masiku atatu, watha basi.

Ndiye musankhe magalasi adzuwa kapena goggles, magalasi aja aakulu omata kumaso omangira lamba kumutu? Magalasi adzuwa ndi opepuka, sachita nthunzi msanga, ndipo mwina muli nawo kale. Tsiku lowala, lopanda mphepo, mukuphunzira pamalo osatsetsereka kwambiri, akwanira, bola akhale olembedwa UV400 ndipo azikuta m'mbali. Magalasi akuda otchipa opanda chitetezo chimenechi ndi oipa kuposa kuyenda opanda kanthu, chifukwa mdima wake umatsegula kamwana ka diso kuti kuwala kowotchako kulowe kwambiri. Mphepo ikayamba, kapena chipale chikamagwa, magalasi adzuwa alibe mawu: misozi imangoyenderera, ndipo mukagwa amathawira kutali. Ku Scotland musavutike n'kuganiza, gulani goggles.

Pabokosi la goggles pamakhala nambala kuyambira 0 mpaka 4, nthawi zina chilembo S chili kutsogolo. Nambalayo ikunena kuchuluka kwa kuwala komwe galasi limalola kudutsa. Nambala 1 imalola pakati pa 43 ndi 80 peresenti, nambala 2 pakati pa 18 ndi 43, nambala 3 pakati pa 8 ndi 18, ndipo nambala 4 ndi mdima weniweni, pakati pa 3 ndi 8, moti siloledwa poyendetsa galimoto. Anthu amakopeka ndi galasi lonyezimira ngati kalilole chifukwa limaoneka bwino pachithunzi, koma limeneli kawirikawiri ndi nambala 3. Ku Afriski kapena ku Alps mu Malichi, limenelo ndiye lake. Ku Glenshee kapena ku The Lecht, malo ena a ski ku Scotland komweko, tsiku lomwe kumwamba kwayera, pansi kwayera, osasiyanitsa chitunda ndi dzenje, galasi loterolo limakusandutsani wakhungu. Mukufuna lachikasu, la olenji kapena lofiirira, nambala 1 kapena 2, lomwe limatulutsa timithunzi ta pachipale. Alipo ma goggles okhala ndi magalasi awiri osinthana, ena omata ndi maginito, ndipo alipo ena amene galasi lake limada kapena kuyera lokha kutengera kuwala. Osinthanawo ndi abwino ngati simuiwala galasi linalo m'galimoto. Osintha okhawo ndi odula ndipo amachedwako mukachoka padzuwa kulowa mumthunzi. Kwa munthu wopita kawiri kapena katatu pachaka, nambala 2 imodzi yokha imagwira ntchito masiku ambiri.

Zinthu ziwiri zomwe ndinaphunzira movutikira. Galasi likhale la magawo awiri ophatikizana, chifukwa la gawo limodzi limachita nthunzi mukangopuma. Ndipo nthunzi ikabwera musapukute mkati ndi chala kapena golovesi. Mkatimo muli mankhwala opakidwa oletsa nthunzi, mukawakanda apita mpaka kale. Ine ndinapukuta ndi tishu ya m'kafe, ndipo masana onse ndinkaona dziko ngati ndikusuzumira m'botolo la mkaka. Ovala magalasi a kuchipatala funsani olembedwa OTG, amene amakhala ndi mpata woti magalasi anu alowe mkati.

Tsopano manja. Magolovesi a zala zisanu amakulolani kutsegula zipi, kugwira ndodo, kumanga lamba wa nsapato. Ma mitten, aja okhala ngati kathumba, zala zinayi zili pamodzi ndipo chala chachikulu chili pachokha, amafunda kwambiri chifukwa zala zimawothana. Pakati pake pali ena a zala zitatu, ooneka ngati dzanja la nkhanu, oyesa kutenga ubwino wa mbali zonse ziwiri. Kwa ana, ma mitten basi, palibenso zokambirana. Yesani kulowetsa zala za mwana wa zaka zisanu m'golovesi lonyowa mudzandimvetsa. Kwa wamkulu amene zala zake zimazizira msanga, ma mitten ndi timagolovesi topyapyala mkati mwake: mukafuna kugwira foni mumavula lakunja lokha, dzanja silikhala pamtunda.

Funso lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi loti kaya kugula peya imodzi yodula, yokhala ndi nsalu yosalowa madzi ngati Gore-Tex, kapena mapeya awiri a mtengo wapakati. Kumalo ouma yodulayo ipambana. Koma wophunzira amakhala akugwa, manja ali m'chipale tsiku lonse, ndipo ku Glenshee makina ambiri okwezera anthu kumtunda ndi aja okukokani mutaimirira, mutagwira chitsulo chonyowa. Pofika nkhomaliro, golovesi lililonse lanyowa, ngati si kunja ndiye mkati ndi thukuta. Kuvala peya youma 1 koloko masana kumakoma kuposa chilichonse chomwe ndalama zambiri zingakugulireni. Ine ndili kumbali ya mapeya awiri. Onetsetsani kuti ali ndi kachingwe kolowetsa kumkono, chifukwa golovesi logwa muli pampando wa pachingwe wokwezera anthu kumtunda silibwerera, ndipo malo ambiri sachititsa hayala magolovesi.

Zofunditsa manja zilipo za mitundu itatu. Timapaketi totaya mukagwiritsa ntchito timakhala ndi ufa wachitsulo, mchere ndi makala. Mukang'amba pepala lake mpweya umalowa, chitsulo n'kuyamba kuchita dzimbiri mofulumira, kutentha n'kumatuluka kwa maola angapo. N'totchipa, sitilemera, ndipo n'tomwe ndimaika m'ma mitten a mwana. Musatigunditse pakhungu penipeni kwa nthawi yaitali. Tina tili ndi madzi ndi kachitsulo mkati komwe mumakathyola, timatentha nthawi yomweyo koma ola silikwana tazirala, ndipo kuti tigwirenso ntchito mukatiwiritse mumphika kunyumba. Paphiri phindu lake ndi lochepa. Za batire zimatchajidwa, zimakhalitsa, zina zimathanso kutchaja foni, koma n'zazikulu moti sizilowa m'golovesi, zimangokhala m'thumba kudikira nthawi yopuma. Ngati mukukwera ndege, zimenezi zipite m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi.

Pa mapazi nzeru yakwathu imatisocheretsa. Kukazizira ku Dedza mu Julayi timaphatikiza masokosi awiri kapena atatu. Mu nsapato ya ski, yomwe ndi yolimba ngati chidebe ndipo imathina mwadala, kuphatikiza masokosi kumatsekereza magazi, phazi n'kuzizira koposa, ndipo pomwe sokosi lapindika pamatuluka thuza. Valani peya imodzi yokha, yaitali kufika pansi pa bondo, yosalala, ya ubweya wa nkhosa za merino kapena yosakaniza. Masokosi a mpira ali ndi mizeremizere yomwe imadinda pamsongolo, musawayese. Ndipo m'nsapatomo musalowenso china chilichonse, ngakhale mwendo wa thalauza lamkati, likokereni pamwamba. Pa zinthu zonse zomwe ndatchula, masokosi ndiwo amabweza ndalama zanu mwachangu.

Chovala chogunda thupi chisakhale cha thonje. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndiye mukangoima pamzere wodikira makina mumamva ngati mwafunda chopukutira chonyowa. Merino imafunda ngakhale itanyowako ndipo sinunkha msanga. Poliyesitala ndi yotchipa, imauma mofulumira, koma tsiku lachiwiri anzanu m'galimoto adzatsegula mawindo. Ngati ndi ulendo wa tsiku limodzi, malaya othamangira omwe muli nawo kale akwanira.

Helemeti sindiiwerengera kwenikweni m'gulu la zosankha, ngakhale ku Scotland lamulo silikakamiza wamkulu. Ku Italy, kuyambira Novembala 2025, aliyense wotsetsereka ayenera kuvala. Amene amati ine ndikungophunzira, sindithamanga, akumbukire kuti Natasha Richardson, wosewera mafilimu wa ku Britain, anamwalira mu Malichi 2009 atagwa pamalo a ophunzira ku Mont Tremblant ku Canada, osavala helemeti. Chosankha chenicheni ndi hayala kapena kugula. Kawiri pachaka, hayala ikwanira. Mukagula, yang'anani chizindikiro cha EN 1077 mkati, muyese pamodzi ndi goggles zanu kuti pachipumi pasatsale mpata wolowa mphepo, ndipo musagwiritse ntchito ya njinga yopalasa, yomwe ili ndi mabowo olowetsa mphepo m'malo moitsekereza.

Pano pali nkhani yomwe ogulitsa m'sitolo sakuuzani chifukwa siwakhudza: tsitsi lathu. Mlamu wanga anabwera ataluka tsitsi latsopano, lalitali, lomangidwa pamwamba, lomwe anakhalira maola asanu ndi limodzi ku saluni. Helemeti yaikulu kuposa zonse pamalo a hayala inangokhala pamwamba ngati dengu la ku chigayo. Anamasula mfundo, n'kutsitsira tsitsi kumbuyo kwa khosi, ndipo inalowa koma yothina, moti masana mutu unayamba kuwawa. Ngati mukudziwa kuti mukupita kuphiri, lukani mizere yogona yotsikira kumbuyo, yopanda mfundo pamwamba, ndipo a madiredi mutsitsire pansi pa khosi. Kansalu koterera ka satini pansi pa helemeti kamateteza tsitsi kuti lisathothoke ndi kukhuzika, komanso kamakutalikitsani ndi thukuta la amene anavala dzulo. Chipewa choluka chokhala ndi kampira pamwamba musachilowetse m'helemeti. Imasiya kukhala bwino pamutu. Wigi isiyeni kunyumba.

Pakhosi, kansalu kozungulira kongolowetsa kumutu, komwe ambiri amangokatcha Buff potengera dzina la kampani, kamaposa sikafu kutali. Sikafu imamasuka, imanyowa, ndipo nsonga yake yolendewera ikhoza kukodwa m'makina okokera anthu. Tengani tiwiri, chifukwa mpweya wa m'kamwa umakanyowetsa n'kukaumitsa gwa. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa pakani kumaso, pansi pa mphuno ndi pachibwano pomwe, poti kuwala kukuchokera pansi. Vaselini amathandiza khungu kuti lisatuwe ndi mphepo, koma dzuwa saliletsa, choncho wa pamilomo mugule wokhala ndi SPF.

Apa ndi pomwe a ski ndi a snowboard amasiyana njira. Pa snowboard mapazi onse awiri amamangidwa pathabwa limodzi, ndiye m'mphepete mwa thabwa mukakodwa mulibe mwendo woponda kuti mudzipulumutse. Mukagwa chakutsogolo mumatsogoza manja, mukagwa chagada mumafikira pafupa la kumapeto kwa msana. N'chifukwa chake kuthyoka pamfundo ya dzanja, pomwe timavala wotchi, kumachuluka pakati pa ophunzira snowboard. Zotetezera pamfundopo zilipo zovala pansi pa golovesi, ndipo alipo magolovesi osokeredwa kale zotetezerazo. Zapaderazo zimagwira bwino koma zimafuna golovesi lalikulupo, ndiye mugule zonse tsiku limodzi mukuyesa. Kabudula wokhala ndi siponji yolimba kumatako ndi m'chiuno amachititsa manyazi pogula, koma amagwira ntchito ziwiri: amachepetsa ululu, ndipo amakutetezani ku chisanu, chifukwa wa snowboard amakhala pansi pachipale nthawi iliyonse akamamanga malamba. Lolemba mudzatha kukhala pampando kuntchito. Zoteteza mawondo zibwere pambuyo ngati ndalama zatsala. Wa ski zonsezi sizimukhudza kwenikweni. Iye amavulala bondo kapena chala chachikulu cha kudzanja chikakodwa m'lamba wa ndodo, ndipo pamenepo chothandiza ndi kuuza a hayala kulemera kwanu koona, osachotserako, kuti makina omasula nsapato mukagwa awatchere moyenera.

Foni imafa msanga kozizira. Apple imanena kuti iPhone inapangidwa kuti izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo mudzaona batire ikudumpha kuchoka pa theka kufika pa ziro mukujambula. Musanagule pawabanki, yesani chaulere: foni ikhale m'thumba lamkati, pafupi ndi thupi. Tikiti yokhala ndi kachipangizo kotsegulira zipata muiike payokha m'kathumba ka pamkono, kutali ndi foni ndi makhadi a ku banki. Kamera ya pamutu, mahedifoni ndi mawotchi oyeza liwiro, zimenezo zidikire. Chaka choyamba kamera imangojambula chipale ndi kumwamba mosinthana, ndipo m'makutu mukufuna muzimva amene akubwera kumbuyo kwanu. Ndalama imeneyo lipirani mphunzitsi maola awiri.

Chikwama cha kumsana ndimachikayikira. Malamba ake amakodwa pampando wa pachingwe, chimakukokerani kumbuyo pomwe mukufunika kuweramira kutsogolo, ndipo mukagwera fulasiki yachitsulo msana umadziwa. Thumba la madzi lokhala ndi kapaipi koyamwira n'labwino mpaka kapaipiko kataundana. Ku Glenshee galimoto imakhala m'munsi mwenimweni mwa phiri, mphindi zochepa kuyenda, ndiye fulasiki yaikulu ya tiyi wa mkaka, buledi ndi magolovesi achiwiri zimatsala m'buti. M'thumba la jekete ndimangoika mtedza wokazinga. Nthochi imaphwanyika n'kuda, chokoleti chimauma moti chikhoza kukuthyolani dzino. Kumapiri aakulu a ku Alps, kumene mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, kachikwama kakang'ono kophwatalala kali ndi malo ake. Ku Afriski imwani madzi ngakhale ludzu musalimve, chifukwa pamtunda wotero mpweya ndi wouma ndipo mutu umayamba kuwawa mosadziwitsa.

Zogula kuti? Ife a kaunjika sitisowa pogwira. Masitolo a zachifundo a ku Britain ndi Vinted, msika wa kaunjika wa pa intaneti, amadzaza ndi zovala za ana zovalidwa sabata imodzi yokha, mwana n'kukula. Masitolo a Aldi ndi Lidl amatulutsa zovala za ski nyengo yozizira ikamayamba, ndipo zimatha msanga; Decathlon ili ndi zake za Wedze zomwe zimakwanira wophunzira. Jekete ndi thalauza zakale muzione m'misoko ndi m'mazipi, ndipo mukafika nazo kunyumba donthezerani madzi: akamakhala timipira n'kugubuduka zili bwino, akamalowa m'nsalu gulani mankhwala opopera obwezeretsa mphamvu yoletsa madzi. Goggles zakale muziyang'ane mkati mwa galasi ndi siponji yogunda kumaso, yomwe imafumbutuka ikakalamba. Helemeti yokha musagule yakale. Ikamenyedwa kamodzi mwamphamvu, zamkati zimaphwanyika kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo wogulitsa sangakuuzeni.

M'galimoto musiyenso masokosi ouma, malaya osinthira ndi bulangeti. Msewu wa A93 uli ndi zipata za chipale ku Spittal of Glenshee ndi ku Braemar, ndipo nyengo ikaipa apolisi amazitseka. Onani za msewu m'mawa musananyamuke ku Perth kapena ku Dundee, ndipo mafuta m'thanki akhale opitirira theka.